Kodi kunama m'Chingerezi n'kunamanso?

Ndikulemba izi ndili pakhonde kwathu ku Chisepo, chikwama chili pambali, ndikudikira mnyamata wa njinga yamoto kuti akandisiye kumsewu wa tala. Usiku uno ndikagona kwa msuweni wanga ku Area 25 chifukwa mawa m'mawa ndikulemba mayeso a IELTS ku Lilongwe. Pasipoti ili kale m'thumba lamkati, foni ndakatchajitsa pa sola, zovala ndasita ndi simbi yamakala. Zonse zimene amati munthu achite tsiku lomaliza ndachita. Chatsala ndi funso limene amayi andifunsa m'mawa uno m'chigafa, ndipo likukana kundichoka.

Kwa inu amene simunakumane nawo, IELTS ndi mayeso oyesa Chingerezi cha munthu amene akufuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja. Adayamba mu 1989 ndipo eni ake ndi British Council, IDP ya ku Australia ndi Cambridge. Ali ndi zigawo zinayi. Pa kumvetsera pamakhala mafunso 40, ndipo mawu ake umawamva kamodzi kokha, ukaphonya waphonya basi. Pa kuwerenga pali mafunso enanso 40 oti uwamalize pa ola limodzi. Pa kulemba amakupatsa ola limodzi kuti ulembe nkhani ziwiri, ina ya mawu osachepera 150, ina 250. Kenako pali kuyankhula, iwe ndi woyesa awiriwiri m'chipinda kwa mphindi 11 mpaka 14, mawu ako akujambulidwa. Malikisi amalekeza pa 9. Ine ndine namwino, ndipo bungwe la NMC, limene limalembetsa anamwino ku UK, limafuna 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Ukapereweza pang'ono, uyambe kuganiza kumene ukapeze ndalama zolemberanso.

Chigawo chimene ambiri timachiopa ndi chapakati pa mayeso oyankhula. Amakupatsa kapepala kolembedwa mutu, monga kuti ufotokoze malo amene unakulira, munthu amene umamusirira, kapena chakudya chimene umachikonda. Umakhala ndi mphindi imodzi yoganiza, kenako uyankhule wekha mpaka mphindi ziwiri. Mphindi ziwiri zimaoneka zochepa mpaka tsiku limene uziyese m'chinenero chimene sulota nacho.

Pagulu lathu la pa WhatsApp, la anamwino amene tikukonzekera limodzi, malangizo ake ndi amodzi: osavutika ndi zoona. Woyesa sakufuna mbiri yako, akufuna Chingerezi chako, ndiye peka chilichonse chimene uli nacho mawu. Ndipotu sakunama anzangawo. Woyesa amayang'ana zinthu zinayi: ngati ukuyankhula mosadodoma ndi mwadongosolo, kuchuluka kwa mawu amene uli nawo, galamala, ndi katchulidwe. Palibe paliponse pamene adalemba kuti aonenso ngati zimene wanenazo zidachitikadi.

Ndiye kwa miyezi itatu ndakhala ndikumanga mudzi wina. Ndi katauni kabata, kamisewu yokhala ndi mitengo mbali zonse. Kali ndi laibulale kumene ndinkapita ndikaweruka kusukulu, kali ndi paki kumene banja lathu linkakacheza Lamlungu masana. Bambo anga kumeneko ankawerenga nyuzipepala pakhonde akumwa khofi. Chakudya chimene ndimachikonda kumeneko ndi pasta. Ndidasankha zimenezi chifukwa mawu ake adali okonzeka kale m'mabuku ndi m'mavidiyo a pa YouTube, kwanga kudali kungowatola.

M'mawa uno ndinawapeza amayi m'chigafa akusoka fodya. Anandiona ndikuyendayenda ndi foni, milomo ikugwedezeka yokha.

"Nabanda, takhala pansi apa. Ine ndikhale mzungu wakoyo, uyankhule ndimve."

Ndinaseka, koma ndinakhala. Anatola kachikatoni pansi n'kundipatsa ngati kapepala ka mayeso, nkhope ataiumitsa ngati a hedi. Ndinatchera wotchi ya pafoni n'kuyamba. Chinatuluka bwino ndithu, mphindi ziwiri zonse osapunthwa. Amayi anaomba m'manja.

"Eee, koma chikutuluka ngati pa wailesi. Ndiye wati chiyani?"

Ndinayamba kuwamasulira. Za misewu ya mitengo, za laibulale, za paki. Ndisanafike pa khofi wa bambo ndinaona kuti singano yaima.

"Kumeneko ndi kuti?"

"Ndi kwathu, amayi. Kwathu kwa pamayeso."

"Oho." Anatola tsamba lina. "Nanga ine ndilimo?"

Ndinasowa choyankha, chifukwa munalibemo. Iwo anaseka n'kunena kuti kapena kumeneko ndili ndi amayi anga ena, ovala nsapato zazitali. Anapitiriza kusoka. Sanakwiye ayi. Koma muyenera kudziwa kuti gawo lalikulu la ndalama za mayeso amenewa lidachokera ku soya wawo wa chaka chatha ndi mbuzi ziwiri zimene adagulitsa.

Chiyambire nthawi imeneyo ndakhala ndikudziimba mlandu ndi kudziteteza ndekha, ndipo ndikufuna ndikuyalireni mmene mlanduwo wayendera.

Ndiyambe ndi kudziteteza, chifukwa mbali imeneyi ili ndi mphamvu. Bodza n'chiyani? Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, adalemba buku lonse pa funso limeneli cha m'ma 395. Mfundo yake idali yoti wabodza ndi amene ali ndi china mumtima, china pakamwa, ndipo nthabwala adaziika pambali chifukwa wonena ndi womva onse amadziwa kuti n'zocheza. Ife zimenezi tidazidziwa osawerenga Augustine. Agogo akati "Padangokhala!" ife n'kuvomera "Tilitonse!", zonse zotsatira zimakhala pansi pa pangano. Kalulu akhoza kuyankhula, fisi akhoza kufunsira mbeta, ndipo palibe mwana amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti agogo ndi abodza. Tidagwirizana kuti tili m'nthano.

Chipinda cha mayeso chili choncho. Woyesa akudziwa kuti anthu amapeka, ine ndikudziwa kuti akudziwa. Sakagwiritsa ntchito nkhani ya laibulale yanga pa chilichonse. Palibe amene akupusitsidwa, palibe amene akuberedwa. N'zosiyana kwambiri ndi likasa. Mukukumbukira 2020, mayeso a MSCE atalephereka chifukwa mapepala adabedwa, ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Lija ndiye lidali bodza lenileni, chifukwa satifiketi ya munthu wa likasa imauza dziko kuti akudziwa zimene sakudziwa. Ine Chingerezi chimene ndikayankhule mawa ndi changa, ndidachivutikira ndekha. Ngati m'chipinda chija muli bodza limene lingachitike, ndi kuloweza nkhani yonse pamtima n'kukaitaya ngati ndakatulo ya pa asembule, chifukwa pamenepo ukuonetsa luso limene ulibe. Oyesanso amaphunzitsidwa kuzindikira zoloweza.

Mpaka apa mlandu ndapambana. Ngati wina wa inu akukalemba mayeso amenewa n'kupatsidwa mutu wa chinthu chimene sanachionepo, monga ulendo wa pandege kapena nyumba yosungiramo zojambula, apeke ndi mtima woyera. Sindikuona tchimo pamenepo.

Nanga bwanji funso la amayi likundipwetekabe?

Ndaona kuti ndimayankha funso lolakwika. Ndimadzifunsa ngati ndikupusitsa woyesa, pamene chimene amayi anakhudza n'choti n'chifukwa chiyani ndinapeka zimene ndinapekazo. Kupeka za ndege n'kutseka dzenje limene lilipodi. Koma pa funso la kumene ndidakulira panalibe dzenje. Pali Chisepo yense, zaka zonse za ubwana wanga, fungo la fodya wouma, mjigo, mpira wachikulunga, njira ya kusukulu imene inkadzaza matope mwezi wa Febuluwale. Ndidachita kuzula zimenezo kuti ndidzalepo paki.

Ndipo taonani kumene zopeka zathu zimalowera. Pagulu lathu lija ndamva anzanga ambiri akuyeserera, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene adapeka kuti amakonda mbewa pamene sazidya, kapena kuti adakulira kumudzi pamene adakulira ku Area 47. Tonse timapeka molowera kutauni, molowera kwa azungu. Kukadakhala kuti tikungosankha zosavuta kunena, ena akadapekera mbali inayo. Zonse zikaloza kumodzi, ndiye kuti pali chimene chikuzikankha, ndipo ine ndikuganiza kuti ndi manyazi.

Manyazi amenewa sitidabadwe nawo. Kusukulu ya pulayimale kumene ndidaphunzira kudali kachikatoni ka chingwe kamene ankakakoleka m'khosi mwa aliyense wogwidwa akuyankhula Chichewa. Ukakavala, ntchito yako idali kusaka mnzako woti umupatsire, ndipo amene kamuwerukira ndiye ankakwapulidwa kapena kukatchetcha. Tidaphunzira kutchera khutu pa anzathu ngati apolisi. Ndikudziwa kuti ambiri a inu mudakumana nako kachinthu kameneka, kaya kwanu kadali chikatoni, kaya fupa, kaya chigoba cha nkhono.

Aphunzitsi athuwo sadali anthu oipa. Ankaona mmene dziko lidaimikira zinthu. Ukhoze masamu, sayansi, ulimi ndi zina zonse, koma ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE sulandira. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 51, amati munthu wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo. Kamuzu yemwe, amene boma lake lidakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, pamisonkhano ankayankhula Chingerezi wina n'kumamasulira, ndipo sukulu imene adaimanga ku Mtunthama mu 1981 idadziwika ndi Chilatini ndi Chigiriki. Mwana safunika kuuzidwa tanthauzo la zonsezi, amangoona yekha kuti zinthu zolemekezeka zimakhala m'Chingerezi, ndipo Chichewa n'cha kumunda, kumsika ndi kumaliro. Ndiye akamalowa m'Chingerezi amasiya za kwawo pakhomo, ngati mmene timasiyira nsapato zamatope tikamalowa m'nyumba ya eni.

Ndisanamizire Chingerezi. Ndimachifuna, ndipo ndimachikonda. Ndi chimene ndimawerengera mlingo wa mankhwala, ndi chimene ndimayankhulira ndi mnzanga wa ku Kenya kapena ku Ghana. Komanso ife Achewa tisamadzione ngati ozunzidwa okhaokha. Chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, ndipo mwana wa ku Rumphi adayenera kuphunzira chinenero changa ngati mmene ine ndidaphunzirira cha Angerezi. Vuto langa silili ndi chinenerocho. Lili ndi chizolowezi chimene ndidatengera pochiphunzira, choganiza kuti moyo wanga weniweni suyenera kulowamo.

Apa mbali yodziteteza ija inadzukanso, ndipo inabwera ndi mfundo imene inandivuta kwambiri. Inati: chabwino, ukufuna kunena zoona, koma chigafa m'Chingerezi n'chiyani? Nanga ganyu, nanga chikamwini, nanga ndiwo? Ukayamba kufotokoza zimenezi udzadodoma, ukadodoma malikisi atsika, akatsika mbuzi za amayi zapita pachabe. Kodi si kudzikonda kuika mbuzi za amayi pa juga kuti mtima wako ukhale m'malo? Amayi sadagulitse soya kuti iwe ukakhale wachilungamo kwa mlendo amene sadzakukumbukira mawa lake. Adagulitsa kuti ukakhoze.

Mfundo imeneyi sindingaitaye ndi dzanja limodzi. Zikadakhala kuti zoona zindigwetsadi, ndikadapeka, ndipo ndikuganiza kuti ndikadachita bwino. Udindo wanga kwa amayi ndi wolemera kuposa udindo wanga kwa woyesa.

Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti mantha amenewa akundinamiza za ine mwini. Kodi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yotani? Mayi amalowa m'chipinda n'kunena kuti, "Anesi, sindinasambe miyezi iwiri." Ndikalemba mawu amenewo m'Chingerezi mmene alili, dokotala adzaganiza kuti mayiyu akusowa sopo, pamene iye akundiuza kuti mwina ali ndi pakati. Wina amati ali ndi mutu waukulu, wina akuti m'thupi mukuyenda zinthu, wina akuti mwana wadwala liwombo. Mawu onsewa alibe mnzake woyenererana naye m'Chingerezi. Ndimafunsa, ndimamvetsera, kenako ndimalemba m'buku la kuchipatala zimene munthuyo akutanthauza, m'chinenero chimene iye sachidziwa. Pamenepo ndikakometsa kapena kupeka, munthu akhoza kufa. Ndachita zimenezi kwa zaka, anthu ambirimbiri pa tsiku, mzere uli mpaka panja. Ndiye lero ndiziti sindingathe kufotokoza chigafa?

Chinanso, oyesa amapereka malikisi kwa munthu amene, akasowa liwu, amatha kuzungulira n'kufotokoza chinthucho m'mawu ena. Luso limenelo ndi limene ndili nalo kwambiri, ndipo ndi limene ndakhala ndikulibisa pansi pa pasta. Komanso ukamaliza mphindi ziwiri zija mafunso amapitirira. Atandifunsa kuti mulaibulale muja ndinkakonda mabuku anji, ndiyenera kupekanso, n'kumakumbukira zimene ndapeka kale. Atandifunsa kuti fodya amauma masiku angati kapena amasankhidwa bwanji asanapite ku Kanengo, ndikhoza kuyankha ndili m'tulo.

Masana ano ndinayesa. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinatchera wotchi, n'kufotokoza Chisepo weniweni m'Chingerezi. Ndisakunamizeni kuti zinayenda ngati madzi. Ndinadodoma kawiri, ndipo penapake ndinasokoneza galamala pofotokoza mmene timamangira chigafa. Koma wotchi inalira ndisanafike n'komwe pa nyengo ya mvula. Nkhani ya paki ija ndinkachita kuikoka kuti ikwane mphindi ziwiri. Iyi inasefukira. Nditamvetsera zimene ndinajambula, mawu anga anali a munthu amene akuuza mnzake chinthu, pamene m'zojambula zakale ndinkamveka ngati mwana akulakatula vesi la Sande sukulu.

Ndinakumbukiranso Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo lidatuluka mu 1933, nkhani ya mwana wa m'mudzi wa Achewa kuyambira kubadwa mpaka ufumu. Lidapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo mu 1934 Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Anthu a ku London adaliwerenga. Nthara sadamusamutsire Nthondo kutauni kuti azungu amumvetse. Adalemba za mudzi mmene udaliri, ndipo Chingerezi chidakwanitsa kuunyamula. Ngati zidatheka nthawi ya atsamunda, ine lero ndikubisa chiyani?

Pali malire ake, ndipo ndiwatchule kuti musaganize kuti ndikunena kuti munthu aziulula chilichonse. Kuno kwathu ndi kwa gule. Atandifunsa mawa za chikondwerero cha kwathu, ndikhoza kunena kuti Gule Wamkulu adalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za anthu onse. Ndikhoza kufotokoza zimene aliyense amaona pabwalo, ng'oma, fumbi, amayi akuimba ndi kuomba m'manja, ana akuthawira kumbuyo kwa agogo awo. Ndikalekeza pomwepo. Za kudambwe sizikambidwa, ndipo si zanga kuti ndizikambe. Kukhala chete kotere ndi ulemu, chifukwa chinthucho ndikuchisunga poti n'chamtengo. Chigafa cha amayi ndinkachibisa poganiza kuti n'chachabe. Kunja zonse zimaoneka ngati kusanena, koma ine mwini ndimadziwa kuti ndi ziti zimene ndikusunga ndi zimene ndikuchita nazo manyazi.

Mwina wina akuti, aise, zonsezi chifukwa cha mphindi ziwiri basi? Eya, chifukwa mphindi ziwirizo ndi chiyambi chabe. Ndikakhoza n'kupita, funso loti kwanu n'kuti ndidzalimva tsiku lililonse, kwa odwala, kwa anzanga akuntchito, kwa mwini nyumba. Zimene pakamwa padazolowera ndi zimene zimatuluka. Ndikawaphunzitsa milomo yanga kuti kwathu kuli paki, tsiku lina ndidzanena zimenezo kunja kwa chipinda cha mayeso, kumene kulibe pangano la "Tilitonse", kwa munthu amene adzandikhulupirira. Ndipo ana anga, ngati ndidzawabalire kumeneko, adzamva za mudzi uti?

Ndili kuseri kwa nkhokwe komweko ndinatulukira chinthu china chimene sindinkachifuna. Tsiku lonse ndavutika ndi nkhani yopeka imene sipusitsa munthu aliyense, pamene pali bodza lenileni limene ndakhala ndikulinena, ndipo lili m'Chichewa chomveka bwino. Kuyambira tsiku limene ndidayamba za mayesowa ndakhala ndikuwauza amayi kuti ndikungopita zaka ziwiri, ndikapeze ya malata ndi ya fizi ya mng'ono wanga, kenako ndibwerere. Zoona zake n'zoti sindikudziwa. Amene adapita ine ndikuwaona, ambiri zaka ziwiri zawo sizinathebe mpaka lero. Ndinkanena zaka ziwiri chifukwa ndinkafuna kuti amayi akhulupirire, mtima wawo ukhale pansi, asandifunse zambiri. China mumtima, china pakamwa, ndendende mmene adanenera Augustine.

Ndipo si amayi okha. Dziko lathu lili pa mndandanda wa mayiko 55 amene bungwe la WHO lidawatchula mu 2023 kuti ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zaumoyo, n'chifukwa chake malamulo a ku UK salola kuti mabungwe azibwera kudzakopa anamwino kuno. Koma munthu akafuna kupita payekha, khomo lili lotsegula. Ine ndikupita pandekha, palibe wandikopa. Mzere uja wa panja pa chipinda changa udzakhalapobe ine nditachoka. Sindikuganiza kuti kupita n'kulakwa. Ndili ndi zifukwa zanga, ndipo aliyense amene adadikirapo malipiro a mwezi akutha pa sabata imodzi akuzidziwa. Koma ndimadzinamiza ndikamati kupita kwanga sikupweteka aliyense. Kukupweteka ena, ndipo ndiyenera kupita ndikudziwa zimenezo.

Ndiye ndinabwerera kwa amayi. Ndinawapeza akundimangira mtedza wokazinga ndi mbatata yophika m'kajumbo.

"Amayi, za zaka ziwiri zija. Sindikudziwa ngati zidzakhale ziwiri."

Sanatukule mutu. Anamanga mfundo yoyamba, n'kumanganso yachiwiri.

"Ukuganiza ngati sindinkadziwa? Ndidadziwa tsiku lomwe mbuzi zija zinkatuluka m'khola. Walira mvula walira matope, mwana wanga."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndimadikira unene wekha." Anandipatsa kajumboko. "Pita ukakhoze. Koma akakakufunsa kwanu, ine usakandisiye kunja."

Poti iwo ankadziwa kale, wina akhoza kunena kuti palibe amene adapusitsidwa, ndiye silinali bodza. Ine ndikuti linali bodza ndithu, chifukwa cholinga changa chidali choti akhulupirire. Kuti sadakhulupirire ndi nzeru zawo, ine sizikundiyeretsa.

Ndiye pa funso lili pamwambali, yankho langa ndi ili. Kupeka pamayeso, pamene onse awiri mukudziwa kuti mukuyesa chinenero, si bodza, ndipo musalole munthu akuopsezeni nazo. Mawa kapepala kakanena za ndege, ndikakwera ndege imene sindidakwerepo, ndikakhala pawindo, ndipo sindikapepesa kwa aliyense. Koma kakanena za kwathu, za munthu amene ndimamusirira, kapena za chakudya, woyesa akamva za Chisepo, za mayi wina wosoka fodya m'chigafa, ndi za nsima ya mgaiwa ya nkhwani wotendera. Mwina ndikadodoma. Mwina ndikapeza 6.5 m'malo mwa 7, ndipo zikatero ndidzabwera pano kudzakuuzani, musadzandiseke kwambiri.

Inu amene mudalembapo mayeso amenewa, kapena amene mudafunsidwapo pa intavyu kuti mufotokoze za inu eni m'Chingerezi, ndiuzeni: mudanena za mudzi uti?

Njinga ija yafika, mnyamata akuliza hutala kumsewu. Amayi akuti ndinyamulenso chitenje, ku Lilongwe kumazizira m'mawa.